MALUWA A M'NYUMBA PA NYENGO YA CISANU

Pamene cimanga calowa m'nkhokwe, ndi mphepo ya mwera yayamba kuomba, dziko lathu lisintha nkhope yace. Udzu uuma, mitengo yambiri iyoyola masamba, ndipo pfumbi lilowa ponse ponse. Ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre kufika ciperoni, ndico nkhungu ndi mvula yowaza imene ibisa dzuwa masiku angapo. Ku Dedza ndi ku mapiri ena madzi a mumtsuko azizira kufikira kuwawitsa mano, ndipo masiku ena cisanu cigwa m'madambo nicitentha masamba a nthoci ndi a mbatata. M'miyezi imeneyi ya Juni ndi Julayi munthu alowa m'nyumba msanga, naturuka mocedwa. Ngati m'nyumbamo mulibe kanthu kokondweretsa maso, nkhalamba ndi odwala, amene sakhoza kuyenda kutali, atha milungu yambiri akuona khoma lokha ndi utsi.

Cifukwa cace phunziro lathu la mwezi uno liri la maluwa amene munthu akhoza kusunga m'miphika, pazenera kapena pakhonde, kuti aphuke pa nthawi yomweyo imene kunja kwauma. Tidzaona zinthu zisanu: kumene mwambowu unacokera, cimene ciphukitsa maluwa ena pa nyengo yozizira yokha, maina a maluwa oyenera kwathu kuno, kasamalidwe kace, ndi zoopsa zimene tiyenera kupewa.

Kapena wina adzati: "Kodi maluwa ndi ndiwo? Ndithirirenji cinthu cosadyedwa, pamene citsime ciri kutali?" Funso ili liri la nzeru, pakuti madzi a m'cilimwe abwera pamutu pa munthu. Koma taganizani: amai athu azira nyumba ndi dothi lakuda, najambula pakhoma ndi dothi lofiira ndi loyera, ngakhale zojambulazo sizidyedwa, ndipo palibe amene awanena kuti ataya nthawi. Ndiponso ena mwa maluwa amene tidzachula pano akhuta ndi kapu imodzi ya madzi pa mlungu, ndipo madzi amene mwatsukira ndiwo zamasamba awakwanira.

1. KUMENE MWAMBOWU UNACOKERA

M'maiko a ku Ulaya, monga England, Holland ndi Germany, nyengo yozizira iri yoopsa kuposa yathu. Ikhala kuyambira Disembala kufikira Febuluwale, ndipo masiku ena madzi a m'maiwe auma gwa ngati mwala, ndi cipale cofewa cikwirira minda. Ku London, pa tsiku lalifupi koposa la caka, dzuwa likhala kunja maora osafika 8, nililowa isanakwane 4 koloko masana. Mitengo ikhala yopanda tsamba miyezi yambiri, ndipo m'munda musowa duwa. Tsono anthu a kumeneko, pofuna kuona kanthu kamoyo m'nyumba zao, anayamba kuika zomera pa mazenera a galasi, pamene pali kuwala kwa kunja ndi kufunda kwa moto wa m'kati.

Koma zomera zambiri za kwao zigona tulo m'nyengo imeneyo, siziphuka. Cotero amalinyero, amalonda ndi apaulendo ananyamula njere, mizu ndi nthambi kucokera ku maiko ofunda. Munda waukuru wa Kew, pafupi ndi London, umene unayamba m'caka ca 1759, unalandira zomera zambiri zotere, ndipo akatswiri ace anazipatsa maina. Tikafunsa kwao kwa maluwa amene akongoletsa mazenera a ku Ulaya, tipeza kuti ena anacokera ku Mexico ndi ku Brazil, koma ambiri kwao ndi kuno ku Afrika: ku Tanzania, ku Madagascar, ku South Africa, ku Mozambique, ndi m'mapiri a Malawi momwe. Munthu wosunga maluwa awa asayese kuti akutsanzira za eni. Ambiri a iwo ndiwo ana a kwathu amene anapita ku ulendo nabwerako.

Pali cinthu cimodzi coti ticenjere naco powerenga mabuku a ku Ulaya kapena zolembedwa pa mapaketi a mbeu. Ife tikhala kumwera kwa mzere wa pakati pa dziko lapansi, iwo kumpoto. Cifukwa cace nyengo zathu zisemphana. Pamene iwo aotha moto m'Disembala, ife tiri kupalira cimanga. Ndipo ena pomasulira mabuku acha nyengo yozizira ya ku Ulaya "dzinja", nasokoneza owerenga, pakuti dzinja lathu ndilo nyengo ya mvula ndi yofunda. Lamulo lace nali: buku la kumpoto likati duwa liphuka m'Disembala, inu muwerenge miyezi 6, ndipo mudzapeza Juni. Likati ikani mphika pa zenera la kumwera, inu muuike pa zenera la kumpoto, cifukwa m'Juni dzuwa lathu liyenda ca kumpoto kwa thambo.

2. CIMENE CIPHUKITSA MALUWA M'CISANU

Anthu ambiri ayesa kuti kuzizira ndiko kumene kuitana maluwa awa. Koma cimene ciwaitana makamaka ndiko kutalika kwa usiku. M'caka ca 1920 akatswiri awiri a zaulimi a boma la America, Wightman Garner ndi Harry Allard, analengeza zimene anapeza poyesa mbeu ziwiri zimene ifenso tizidziwa bwino, ndizo fodya ndi soya. Anali ndi mtundu wa fodya wochedwa Maryland Mammoth, umene unali kungokula nyengo yonse yofunda osaturutsa maluwa. Iwo anayamba kulowetsa zomerazo m'cipinda ca mdima dzuwa lisanalowe, ndi kuziturutsa mmawa mocedwa. Ndipo taonani, fodya uja anaphuka. Pamenepo anazindikira kuti zomera zina ziwerenga utali wa usana ndi usiku. M'caka ca 1938 enanso awiri, Karl Hamner ndi James Bonner, anaonetsa kuti cimene comera ciwerenga ndiwo mdima wosadukiza, ndi kuti kuwala kwa kanthawi kocepa pakati pa usiku kukhoza kuononga ciwerengero conse.

Kwathu kuno kusiyana kwa masiku kuli kocepa, koma zomera zikumva. Ku Lilongwe, m'Disembala usana ufika pafupi maora 13. M'Juni utsika kufikira maora 11 ndi mphindi pafupi 20. Kuyambira kumapeto kwa Malici usiku uyamba kuposa usana. Mlimi aona ici m'munda mwace caka ndi caka: nandolo wa makolo abzalidwa ndi mvula yoyamba, koma adikira kufikira cimanga citauma kuti acite maluwa, ndipo deliya wa m'mbali mwa miseu avala cikasu cace mvula ikatha.

Phunziro lace kwa wosunga maluwa liri lalikuru. Masiku ano nyumba zambiri ziri ndi babu la magetsi kapena nyali ya sola pakhonde, yoyaka usiku wonse. Poinsettia kapena kalanchoe wokhala pansi pa nyali yotere ayesa kuti usiku uli waufupi. Akula bwino, masamba ace abiriwira, koma Juni afika napita wopanda duwa. Mwini ace athira manyowa, aonjeza madzi, nadandaula kuti anampatsa mbeu yosabala, pamene colakwa ciri pa nyali. Kuyambira Malici sunthani miphika ya maluwa awa ku mbali ya nyumba kumene kulibe nyali, kapena muwabvundikire ndi dengu lolukana bwino kapena katoni pofika madzulo, ndi kuwabvundukula mmawa.

3. MALUWA OYENERA KWATHU KUNO

Loyamba ndi poinsettia. Ambiri a inu munauona mtengo uwu pa masukulu ndi pa zipatala, wofiira psuu m'Juni. Kwao ndi ku Mexico, kumene Aaziteki akale anali kutengako utoto wofiira. Dzina lace licokera kwa Joel Roberts Poinsett, kazembe woyamba wa America ku Mexico, amene anatumiza zomerazi kwao m'zaka za m'ma 1820. Ku maiko a kumpoto lifiira m'Disembala, ndipo licedwa duwa la Krisimasi. Kuno lifiira kuyambira Meyi kufikira Julayi. Zofiirazo ndiwo masamba osandulika. Maluwa eni eni ali tating'ono tacikasu pakati pace. Poinsettia ali wa banja limodzi ndi nkhadze ndi cinangwa, ndipo abzalidwa monga cinangwa: dulani nthambi yokhwima yotalika ngati cikhato ndi zala, muileke tsiku limodzi kuti utomoni uume, ndi kuizika m'dothi la mcenga. Panja akula kuposa munthu; kuti akhale wamfupi mumphika, tsinani nsonga zace kawiri kapena katatu m'dzinja, koma mulekeze kumapeto kwa Febuluwale, pakuti nsonga zimenezo ndizo zidzafiira. Wofuna kuti afiire pa Krisimasi ayenera kumnyenga: kuyambira kuciyambi kwa Okutobala ambvundikire kuyambira 5 koloko madzulo kufikira 7 koloko mmawa, ndiwo maora 14, tsiku ndi tsiku kwa milungu 8 kapena 10.

(Pano pali colembera: dzina la nyengo silisintha comera, cimvera mdima wokha.)

Laciwiri ndi kalanchoe. Ili ndilo duwa la munthu wa citsime cakutali. Masamba ace ali onenepa, osunga madzi, ndipo maluwa ace ang'ono ang'ono akhala m'magulu, ofiira, acikasu, apinki, oyera, kapena a mtundu wa lalanje. Kwao ndi ku mapiri a kumpoto kwa cisumbu ca Madagascar. Wamalonda wa mbeu wa ku Potsdam m'Germany, dzina lace Robert Blossfeld, ndiye analifalitsa m'caka ca 1932, ndipo akatswiri analicha Kalanchoe blossfeldiana pomkumbukira. Lifuna usiku wautali kwa milungu 6 kuti liike mphukira, ndipo likaphuka maluwa akhala mwezi ndi theka kapena kuposa. Kanthambi kothyoka kamera msanga. Cimene cipha kalanchoe ndiwo madzi ocuruka: musathire kufikira dothi litauma.

Lacitatu ndi impatiens, ndipo ili liri ndi mbiri yotikhudza. Horace Waller anali mmodzi wa gulu la Bishopu Charles Mackenzie limene linamanga ku Magomero m'caka ca 1861. Iye anali wokonda kuyang'ana zomera, ndipo anatola duwa ili pa phiri la Morrumbala, pafupi ndi Shire wa kumunsi, m'dziko la Mozambique. M'caka ca 1868 Joseph Hooker wa ku Kew analicha Impatiens walleriana. Limera lokha m'mbali mwa timitsinje ta m'nkhalango za kum'mawa kwa Afrika, kuyambira ku Kenya kufikira ku Mozambique. Tsinde lace liri lofewa, lodzala madzi. Maluwa ace ali ofiira, apinki, oyera, kapena ofiirira. Zibalobalo zace zikakhwima ziphulika pozikhudza, ndi kumwaza njere, cimene cikondweretsa ana. Siliwerenga usiku; liphuka pafupi caka conse ngati liri pamthunzi wowala ndi pa dothi la cinyezi. Ikani kanthambi m'botolo la madzi, ndipo m'milungu iwiri mudzaona mizu. Koma limwa madzi ambiri ndi kuopa mphepo yozizira. Yemwe madzi ambvuta asunge mphika umodzi wokha.

Lacinai ndi saintpaulia, limene Angerezi alicha African violet. Ndi kacomera kakang'ono ka masamba aubweya, ndi maluwa a mtundu wa maluwa a jakaranda, kapena apinki, kapena oyera. M'caka ca 1892 Walter von Saint Paul-Illaire, mkulu wa boma la Germany m'dziko limene tsopano licedwa Tanzania, anakapeza ku dera la Tanga ndi mapiri a Usambara, natumiza njere kwa atate wace. Ndipo m'caka ca 1893 Hermann Wendland wa ku Hanover anakapatsa dzina. Akatswiri a masiku ano akaika m'gulu la Streptocarpus, limene abale ace amera pa matanthwe a cinyezi a ku Zomba ndi ku Mulanje. Ngakhale kadzala m'nyumba za maiko ambiri, kwao m'nkhalango kacepa, cifukwa ca kudula mitengo. Ili ndilo duwa la m'kati mwa nyumba leni leni: silifuna dzuwa lamphamvu, likondwa pa zenera la kum'mawa. Libala ndi tsamba limodzi lokha: zikani phesi la tsamba m'mcenga wonyowa, ndipo pakapita mwezi umodzi kapena iwiri tiana tidzaphuka pa tsinde. Liopa kuzizira koposa onse. Usiku wa Juni licotseni pazenera. Madzi ozizira akagwa pa masamba asiya mawanga. Cotero thirani madzi ofunda pang'ono m'mbale ya pansi, kuti dothi limwe lokha.

Lacisanu ndi jeraniyamu, limene dzina lace la akatswiri ndilo Pelargonium. Makolo ace anatengedwa ku dera la Cape, m'South Africa, kunka ku Holland ndi England m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Masamba ace ali ozungulira, a pfungo lamphamvu, ndi maluwa ace aunjikana pa nsonga ngati nkhonya. Ili ndilo duwa la pakhonde la kumpoto, pakuti lifuna dzuwa maora ambiri. Likonda nyengo yozizira ndi youma kuposa mvula ya Januwale, imene iliolets mizu. Dulani nthambi zace m'Malici kapena Epulo, muziumike pamthunzi tsiku limodzi, ndi kuzizika. Thyolani maluwa ofota, ndipo ena adzabwera m'malo mwao.

Lacisanu ndi cimodzi ndi schlumbergera, comera copanda masamba eni eni, cokhala ndi nthambi zaphanthi zolumikizana mfundo ndi mfundo ngati miyendo ya nkhanu. Kwao ndi ku mapiri a kufupi ndi Rio de Janeiro m'Brazil, kumene cimera pa nthambi za mitengo. Ku Ulaya ciphuka ca ku Krisimasi. Koma anthu a ku Brazil, amene ali kumwera monga ife, acicha duwa la Meyi. Cifuna mthunzi wowala, dothi lopepuka la masamba oola, ndi usiku wautali ndi wozizira pang'ono. Cikaika mphukira musacisunthe kawiri kawiri, ndipo dothi lisaume gwa, kuti mphukirazo zingayoyoke.

Alipo maluwa ena amene mabuku a ku Ulaya awatama pa nyengo yozizira, koma kuno sasunga nthawi imeneyo. Amaryllis, wa anyezi wamkuru ndi maluwa onga malipenga, aphuka kwathu kukayamba kutentha, ca ku Seputembala ndi Okutobala. Musamdikire m'Juni, ndipo musamtaye poyesa kuti wafa, ali kugona.

4. KASAMALIDWE KACE

Mphika. Palibe cifukwa cotayira ndarama. Mphika wadothi wong'aluka, umene suthanso kuphika nyemba, uposa mphika wa pulasitiki, pakuti upuma. Citini, cigubu coduka pakati, kapena ndowa yobooka, zonse zigwira nchito. Koma ciri conse cikhale ndi mabowo atatu kapena anai pansi. Boolani ndi msomali, ndi kuika phale pa bowo kuti dothi lisaturuke. Mphika usakule kwambiri kuposa comera, cifukwa dothi lambiri lisunga madzi ambiri, ndipo mizu ibvunda.

Dothi. Dothi la katondo lokha liuma ngati njerwa mumphika. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mcenga wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la manyowa a khola oolerana bwino. Manyowa aawisi atentha mizu. Kwa kalanchoe ndi jeraniyamu onjezani mcenga; kwa impatiens, saintpaulia ndi schlumbergera onjezani masamba oola.

Malo. Nyumba zathu zambiri ziri ndi mazenera ang'ono, ndipo m'kati muli mdima. Comera sicikhoza kukhala ndi moyo popanda kuwala, popeza cipanga cakudya cace ndi kuwala komweko. Yesani motere: masana tambasulani dzanja pamene mufuna kuika mphika, ngati mthunzi wa dzanja suoneka konse, malowo sayenera. Comera cosowa kuwala citalika, cionda, cituwa, nicipendekera kuzenera. Ngati mazenera ali ang'ono, lerani maluwa pakhonde, ndi kulowetsa mphika umodzi m'nyumba pamene waphuka. Pakapita masiku anai kapena asanu muubweze panja ndi kulowetsa wina. Musaike maluwa m'khicini, pakuti utsi ndi mwaye zitseka timabowo ta masamba.

Kuzizira. Poinsettia, impatiens ndi saintpaulia abvutika kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 10, ndipo ku mapiri athu usiku wa Juni ndi Julayi ufikapo kawiri kawiri. Madzulo sendezani miphika pafupi ndi khoma, kumene mwera suomba, kapena muilowetse.

Madzi. Maluwa a m'miphika ambiri afa ndi cifundo ca eni ace. M'cisanu comera cimwa pang'ono. Lowetsani cala m'dothi kufikira mfundo yoyamba. Likakhala lonyowa, lekani. Likauma, thirani kufikira madzi aturuke pansi. Thirani mmawa dzuwa litakwera, si madzulo ai, kuti mizu isagone m'madzi ozizira. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ali bwino. Madzi a mcere, a mafuta, kapena ocapira zobvala, ai.

Tizirombo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukalandira duwa kwa mnzanu, kapena kugula pamsika, yang'anani kunsi kwa masamba musanaliike pamodzi ndi ena. Nsabwe za zomera, ndi tizirombo toyera ngati thonje tonga kodikodi wa pa cinangwa, zicotsedwa ndi kansaru konyowetsa m'madzi a sopo wocepa. Bwerezani mlungu ndi mlungu kufikira zitatha. Khazikani miphika pa mwala kapena pa njerwa, kuti ciswe cisalowe pa mabowo.

5. ZOOPSA ZOTI TIPEWE

Coyamba, utomoni. Utomoni woyera wa poinsettia sufika ukali wa nkhadze, ndipo mbiri yakuti tsamba lace lipha munthu siiri yoona. Komabe uyabwa pakhungu ndi kuwawa m'maso. Sambani m'manja mukatha kudula, ndipo ukalowa m'diso tsukani ndi madzi ambiri oyera.

Caciwiri, ana ndi ziweto. Kalanchoe ali ndi ululu wogwira mtima wa nyama. Mbuzi, ng'ombe, garu ndi mphaka zisadye. Anyezi wa amaryllis afanana ndi anyezi wa ndiwo, koma ali ndi ululu. Musamsunge pamodzi ndi zakudya. Ikani miphika pamwamba, pamene mwana wokwawa safika. Mwana akadya comera ciri conse nayamba kusanza kapena kufooka, thamangirani naye kucipatala, mutatenga tsamba la comeraco kuti acipatala aone.

Cacitatu, udzudzu. Madzi odikha m'mbale ya pansi pa mphika, kapena m'botolo lomeretsera mizu, ndiwo nyumba ya mphutsi za udzudzu, ndipo pa nyengo yofunda dzira lisanduka udzudzu m'milungu yosaposa iwiri. Tayani madzi otsala m'mbale mukatha kuthirira, ndi kusintha madzi a m'botolo masiku atatu ali onse.

Cacinai, mpweya. Ena aopa kugona ndi maluwa m'cipinda, nati adzawalanda mpweya usiku. Zoona, comera cipuma usiku. Koma mpweya umene miphika iwiri kapena itatu itenga ucepa kutali ndi umene mphaka mmodzi apuma. Mdani weni weni wa m'cisanu ndiye mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Makala oyaka aturutsa mpweya wopanda pfungo ndi wopanda maonekedwe, umene ugonetsa munthu tulo tosadzuka nato. Musalowetse mbaula kuti mufunditse maluwa kapena ana pogona. Cofunda ndi khoma zikwanira.

6. NTHAWI YA NCHITO IRI YONSE

Wofuna maluwa m'Juni ayambe m'dzinja, monga wofuna nsima m'cilimwe alima mvula isanagwe. Ndondomeko yace nayi. M'Ogasiti ndi Seputembala, poinsettia akatha kufiira, mdulireni ndi kuzika nthambi zace. Kuyambira Disembala kufikira Febuluwale zikani kalanchoe ndi impatiens, tsinani nsonga za poinsettia, ndi kusunga miphika pakhonde kuti mvula isaimize. Tsamba la saintpaulia lifuna miyezi 6 kapena kuposa lisanabale duwa. Cotero lizikeni caka cisanathe. M'Malici ndi Epulo zikani jeraniyamu, ndi kucotsa maluwa owerenga usiku pafupi ndi nyali. M'Meyi cepetsani madzi. M'Juni ndi Julayi kondwerani nao.

Amene awerenga mau awa cisanu citafika kale asataye mtima. Apemphe kanthambi ka jeraniyamu kapena ka kalanchoe kwa mnansi, acite naco monga tanena, ndipo caka ca mawa adzakhala wopatsa ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi miphika iwiri yokha, yoti mukhoza kuithirira popanda kulemetsa wotunga madzi. Mupatse mwana mphika wace wace, kuti aphunzire kusunga cinthu camoyo. Ndipo duwa likaphuka, kumbukirani agogo amene sakhoza kuturuka m'nyumba m'masiku a ciperoni, ndi kuwaikira mphika pamene maso ao afika.

MAFUNSO OBWEREZERA PHUNZIRO

1. Buku la ku England likati duwa liphuka m'Disembala, kuno lidzaphuka mwezi uti, ndipo cifukwa ninji?

2. Kodi Garner ndi Allard anapeza ciani poyesa fodya ndi soya?

3. Nyali ya pakhonde icita ciani kwa poinsettia ndi kalanchoe?

4. Chulani maluwa anai amene kwao ndi ku Afrika, ndi dziko la liri lonse.

5. Mudziwa bwanji kuti mphika ufuna madzi?

6. Mwa maluwa ndi mbaula, coopsa m'cipinda cogona nciti?